Mipando Iwiri

Mvula ya ku Mzuzu siodira.
Yalowanso usiku pa chibowo cha denga lako lachinsalu,
ndipo m'mawa uno ndakupeza ukununkha
ngati jekete loiwalika m'sutikesi.
Ndakupukuta. Ndakhala pansi. Tiye tikambirane.

Tawonga wanditumizira zithunzi pa foni:
magalimoto oyera, ataliatali miyendo,
atandanda pa doko ku Dar es Salaam
ngati ana a sukulu pa asembule.
Akuti sankhani imodzi, adada,
ya mipando isanu ndi iwiri, yonyambita mafuta osati kumwa,
yoti mukaiwala kutseka chitseko imalira yokha.
Masabata atatu okha, akuti, yafika pa Songwe.

Iwe sulira ukaiwalidwa.
Umangodontheza oilo pa simenti,
kadontho kamodzi usiku uliwonse,
ngati munthu wosunga mawu kukhosi.

A Kanyinji ku Luwinga anakugonera kunsi Lachiwiri,
natuluka akupukusa mutu:
zitsulo zakezi anasiya kupanga ine ndisanamere mano.
Lamba wa injini yako anachokera kuchigayo.
Kabuleta anakusokerera ndi waya ndi pemphero.
Pa hampu ya pa Katoto mimba yako imakhula pansi,
ine n'kumva kuwawa m'mano,
anyamata a sakaramento n'kutipitirira akuliza belu,
wina atanyamula mayi, mwana ndi thumba la makala.

Ndipo abale sanakukhululukire.
Pa maliro a ku Ekwendeni anawerenga mipando yako mokweza.
Iwiri basi?
Galimoto yanji yosakweza ngakhale mlamu,
yokana thumba limodzi la feteleza?
Ndinayang'ana nsapato zanga. Ananena zoona.

Koma iwo kunalibe
tsiku lija tinatsetsereka msewu wa ku Nkhata Bay,
denga titapinda, nkhungu ikung'ambika pamphuno pako pofiira,
makona akubwera limodzilimodzi
iwe n'kumawameza osatafuna.
Duku la NyaMsiska linauluka n'kukakodwa m'nthochi za eni.
Ndinati tibwerere.
Iye anati, likhale, ponda!
Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi zapita,
sindinamumvenso akuseka choncho,
pakamwa ponse, mopanda kuphimba ndi dzanja.

Lero mawondo ake akukana.
Kuti akhale pa mpando wako amatsika ngati m'chitsime,
kuti atuluke ndimamukoka ndi manja awiri
pa geti la chipatala, anthu akuonerera.
Apa ndiye pamene zithunzi za Tawonga zimandigonjetsa.
Za mafutazo ndi za hampu ndikanapirira.

Dzulo kunabwera mnyamata wa ku banki,
wonunkhira perefyumu, makiyi akuzungulira pa chala.
Anakusisita ngati ng'ombe ya pamsika.
Akuti adzakupaka utoto woyera,
uzinyamula akwati Loweruka lililonse,
maliboni pamphumi, masipika kumbuyo.
Mtengo anatchula wabwino, ndisaname.
Ndinamuuza kuti abwere Lolemba.

Tsono tichite maere, mnzanga.
Ndipotokola kiyi kamodzi.
Ukalira, ukhala.
Ukakana, Lolemba si kutali.

Watsokomola.
Imeneyo sitiwerenga, kwazizira.
Watsokomolanso, n'kugwedeza galasi.
Imeneyonso ayi, phazi langa linaterereka.
Kachitatu,
wabangula mpaka agalu a ku Chibavi ayankha,
utsi wabuluu wadzaza khonde,
chiwongolero chikunjenjemera m'manja mwanga
ngati kamwana ka mbuzi kongobadwa kumene.

Zenera la kukhitchini latseguka.
Ndamva, akutero NyaMsiska. Katatu.

Ndakhala chete. Nawenso wazima.

Kenaka ndi uyo akubwera pang'onopang'ono,
ambulera kudzanja ili,
kudzanja linalo singano yaikulu ndi chigamba cha tenti.
Foni ya Tawonga muyankhe, akutero,
mwana asamadikire ngati wapalamula.
Koma pamene mukuganizapo,
sokani chibowocho.
Mbali yodonthayo ndi yanga.